Dzina la a Faustino pa Lista

Ku Majaua konse kunalibe munthu wa mafunso ngati a Faustino. Ukawapatsa moni wa m'mawa, usanafike n'komwe pa "kaya inu", iwo akufunsa kale ngati nsapato wavalazo unagula kutauni ku Vila kapena kutsidya ku Muloza, chifukwa kaliridwe kake n'kachilendo. Maso awo anafa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anachita kuzima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Koma mlendo sakanadziwa ayi. Ankadzuka okha, kunyamula khasu, kupita kumunda, madzulo n'kutsikira kumsewu kukamva nkhani, opanda ndodo, opanda wowagwira dzanja. Wina akayerekeza kuwagwira mkono, ankaukutumula n'kufunsa kuti, "Ndine mbuzi kodi, kuti muzindikoka?"

Pakhomo anali ndi mwana mmodzi, Suzete, wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Amayi ake, malemu Inês, anamusiya ali mtsikana wamng'ono. Mwanayu anali ndi mutu. Anakhoza mayeso olowera sukulu ya uphunzitsi ku Mocuba, malo n'kumupatsa, iye osapita. Chaka chotsatira analembanso n'kukhozanso, ndipo kalata inanena mosabisa kuti akapanda kukaonekera kumayambiriro kwa Febuluwale, malowo atenga wina.

"Pita, mwana wanga," a Faustino ankamuuza. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Ndikusiyeni ndi ndani, Ababa?"

"Ndi miyendo yanga. Inandilakwira liti?"

Tsiku lina atamupanikiza kwambiri, Suzete anayankha kamodzi kokha. "Dzina lanu likatuluka pa lista ya boma, kuti muzipeza ndalama ya ganyu kumunda ndi yowapatsa a Páscoa azikuphikirani, ndipita. Likapanda kutuluka, ine pano sindisuntha." A Páscoa anali mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo. Ndipo a Faustino ankamudziwa mwana wawo kuti liuma anatengera kwa amayi ake, akanena wanena.

Nkhani ya listayi inabwera ndi alamu awo a Moisés, achimwene a malemu Inês. Iwowa ndi amene anali peremanente wa m'deralo, munthu wa m'mudzi momwemo amene amalemba mayina a okalamba ndi olumala oyenera kulandira kandalama ka chithandizo kochokera ku boma. A Moisés anabwera kudzafotokoza nkhani ya mphindi zisanu, koma anachoka dzuwa litapendeka, kukhosi kuli gwa.

"Boma landidziwa bwanji ine?" anafunsa a Faustino. "Amene amapereka ndalamayo anandionapo? Nanga akulipira maso onse awiri, kapena amangowerenga mutu umodzi? Wa diso limodzi amalandira theka?"

"Alamu, ine ndimangolemba mayina!"

"Ndiye mumalemba zinthu zimene simukuzidziwa?"

A Faustino anakwera shapa, kaminibasi ka kumeneko, mpaka ku Vila, kuchipatala, kumene dokotala anawawalitsa tochi m'maso n'kufunsa ngati akuona kanthu. Iwo anati ayi, koma akumva kutentha pang'ono, ndipo anafuna kudziwa kuti katochi kakang'ono chotero kamadya mabatire angati. Dokotala analemba pepala loti maso onse awiri anafa, n'kudinda chidindo kuti phaa! A Faustino anabwerera kumudzi akuganiza kuti nkhani yatha.

"Chatsala chimodzi," anatero a Moisés. "Kubwera dona wa ku ofesi kudzaona mmene mukukhalira. Mayina ndi ambiri, alamu, koma malo ndi ochepa. Amayamba ndi amene zinthu zawavuta kwambiri. Mwandimva?"

Anamva, inde. Koma mwa mawu onsewo, amene analowa m'mutu mwa a Faustino ndi awiri okha: kukubwera mlendo.

Ha! Pakhomo panasesedwa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Mpando wa ndalema anakabwereka kwa a Páscoa. Suzete anakazinga mtedza, uku akudandaula chapansipansi kuti amalume sanatero. Bambo ake anavala jekete la kutchalitchi, kutentha konse kwa Novembala kuja, n'kukaima pakhomo ngati mkwati.

Mlendoyo anali dona Cátia, mayi wachitsikana wa mawu opyapyala, wolankhula Chinyanja chophunzirira kuntchito, chosakaniza ndi Chipwitikizi. Njinga yake yamoto anaisiya kumsewu chifukwa kanjira kopita kwa a Faustino n'kakang'ono. Asanafike pabwalo, mwini khomo anali atamuchingamira kale, n'kumulandira chikwama, n'kumulozera pampando osaphonya ngakhale pang'ono. A Moisés, amene anabwera naye limodzi, anayamba kutsokomola.

Dona uja anatulutsa pepala la mafunso.

"Abambo, mumatha kusamba ndi kuvala nokha?"

"Iii, dona! Munthu wa ndevu ngati ine andisambitse ndani?"

"Mumatha kuyenda nokha kunja kwa bwalo lino?"

"Mpaka kumsewu, mpaka kumunda, mpaka kutchalitchi. Nditachoka ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi mu naintefili ndinayenda wapansi masiku awiri, mtolo pamutu. Ndilephere pano?"

"Mumalima?"

"Chinangwa chonse mwadutsa kumanja kwanu kuja ndi changa. Ndi nyemba zomwe."

A Moisés anatsokomolanso, kenaka anawaponda chala. A Faustino anatembenuka. "Alamu, chifuwa chimenechi mupite nacho kuchipatala. Ndipo phazi mwapondalo ndi langa."

Mafunso a dona atatha, a Faustino anayamba awo. Anafuna kudziwa kuti kwawo n'kuti, nanga nyanja ya ku Quelimane madzi ake ndi amchere zoonadi kapena anthu amangokokomeza, nanga pepalalo likachoka pano limagona kuti. Dona Cátia anaseka mpaka kutsamwa mtedza. Atatsanzika, a Moisés anadzuka msangamsanga kuti awaperekeze.

"Pakhomo pano ndi panu?" anafunsa a Faustino. "Mlendo wanga ndimuperekeza ndekha."

Ananyamula chikwama chija n'kutsogola. Wamaso pambuyo, wosaona patsogolo! Njira yonse ankafotokoza: apa pali mango wa a Reinaldo, zipatso zake n'zowawasa musadzavutike nazo, apa tikhotera kumanzere, apa titsika pang'ono, pali kamtsinje, pondani pamwala wachiwiri. Atafika kumsewu, dona analiza njinga yake, a Faustino n'kutchera khutu.

"Tcheni chanu chakhwepa, dona. Mukamangitse musanafike pa chitunda."

Anamva dona uja akuzimitsa njinga, kutsegula chikwama, n'kulemba kanthu kena papepala. Anabwerera kunyumba mtima uli mbee, kuti mlendo wa boma wachoka mwaulemu.

Lista inatuluka Khirisimasi itayandikira. Dzina la a Faustino panalibe.

A Moisés anabwera akuchita kupuma ndi pakamwa chifukwa cha mkwiyo. "Analemba kuti saona, inde, koma amadzidalira pa zonse, choncho adikire. Adikire! Alamu, munthu wosaona amaperekeza wamaso? Munamunyamulira chikwama! Munamuuza za tcheni!"

"Ndiye mlendo achoke pakhomo panga yekhayekha ngati galu wakuba mazira?"

"Ulemu wanuwo mudya?"

A Faustino anafuna kuyankha, koma anamva Suzete akutsegula sutikesi m'nyumba. Anamva kukhwekhweretsa kwa pepala, kenaka chivundikiro chikutsekedwa. Inali kalata ya ku Mocuba ija. Mtsikanayo anatuluka n'kunena mofatsa kuti, "Basi, Ababa, nkhani yatha. Ndikukatunga madzi." Mawu amenewo anawabaya mumtima. Akanalira kapena kukalipa zikanakhala bwino. Anadziwa kuti mwana wawo wataya sukulu kachiwiri chifukwa cha jekete ndi pakamwa pawo, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Koma munthu wa mafunso sakhalitsa pa chisoni. M'mawa mwake anali kale panjira, kukafufuza kwa amene mayina awo anatuluka kuti iwo anayankha bwanji. Anayambira kwa a Vicente, amene bomba lokwirira linawadula mwendo anthu atangobwerera kumudzi nkhondo itatha.

"Ine sindinayankhe kanthu," anatero a Vicente. "Ndinangokweza buluku, mwendo unayankha wokha. Vuto lanu, achimwene, n'loti chilema chanu mumachibisa ngati ndalama."

A Moisés nawo sanagone. Analemba dandaulo n'kukalipereka ku ofesi, ndipo anauzidwa kuti dona Cátia adzabweranso mu Januwale. Ulendo uno anati sasiya zinthu m'manja mwa Mulungu yekha. Anayamba kubwera masana aliwonse kudzawaphunzitsa alamu awo.

"Jekete ayi. Mpando ayi. Mugone pamphasa, muzibuula. Akakuuzani kuti dzukani, muziyenda ngati munthu wosaona."

"Munthu wosaona amayenda bwanji?" anafunsa a Faustino, ndipo ankafunadi kudziwa.

A Moisés anatsinzina, kutambasula manja, n'kuyamba kudzandira pabwalo kuti awaonetse. Kuonetsa munthu wosaona! Sanapite patali, anakagunda mtondo n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. A Páscoa anaseka kuseri kwa mpanda mpaka kukhala pansi. A Faustino anati ngati kusaona n'kumeneko, ndiye kuti iwo sanayambe.

Komabe tsiku litafika anagona pamphasa. Anachitira mwana wawo. Mvula inali itagwa masiku atatu otsatizana, ndipo dona Cátia anafika nsapato zikulira matope. Atangomva mapazi ake, a Faustino anayamba kubuula, koma kubuula kwake kunali kwa ng'ombe yofuna kubereka.

"Abambo," anatero dona uja, akuyesetsa kuti asaseke, "dzukani. Zimenezi sizikukukhalani."

Anadzuka pang'onopang'ono, makutu akutentha. Kenaka anafunsa chapansipansi kuti, "Tcheni chija munamangitsa?"

"Ndinamangitsa, ndipo munanena zoona. Koma lero wabwera ndi funso ndine. Si la papepala ayi, ndi langa. Landivutitsa kuyambira tsiku lija." Dona anakhala pamphasa pomwepo, pambali pawo. "Sabata ino ndayenda njira zambiri kuno ku Majaua. Zonse zawirira. Udzu mpaka m'chiuno, nthambi zakugwa, maenje okumbidwa ndi madzi, zingwe za mbuzi zopingasa. Njira yanu yokha ndiyo ili ngati bwalo la tchalitchi. Maenje ndi okwiriridwa ndi dothi latsopano. Nthambi zonse ndi zodulidwa kulekeza pamwamba pa mutu wa munthu wamtali ngati inu. Ndipo m'matope muli mizere ya tsache kuyambira pano mpaka kumsewu. Amasesa njira imeneyi ndani?"

A Faustino anaseka. "Njira amasesa, dona? Njira imadzisesa yokha ndi mapazi a anthu."

Palibe amene anaseka nawo. Anamva a Moisés akudzikanda m'mutu. Anamva a Páscoa kuseri kwa mpanda atasiya kusinja. Ndipo pakhomo la nyumba anamva kupuma kwa Suzete, kupuma kwa munthu amene wagwidwa. Paja akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

"Suzete?"

Anaitananso mokweza.

"Iwe Suzete, ndikufunsa."

"Ndine, Ababa."

"Kuyambira liti?"

"Anayamba ndi Amayi, maso anu atangoyamba kuvuta. Atadwala anandionetsa. Anati bambo ako tsiku limene adzagwe pamaso pa anthu, adzalowa m'nyumba osatulukanso. Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuzeni."

A Faustino anakwiya, anachita manyazi, ndipo pansi pa zonsezo, ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, mafunso ankangotumphuka.

"Umasesa nthawi yanji, ine osamva?"

"Popita kumjigo m'bandakucha. Tsache ndimalisunga patchire, kuseri kwa mango wa a Reinaldo."

"Nanga ya kumunda? Ya kutchalitchi?"

"Ya kumunda pobwerera. Ya kutchalitchi Loweruka."

"Mbuzi za a Reinaldo bwanji sindinakodwepo m'chingwe chake?"

"Ndinawapempha kuti azimangirira kutali ndi njira."

"Mwala wachiwiri wa pakamtsinje uja?"

"Madzi amaukokolola chaka chilichonse. Timaubwezeretsa ndi amalume."

A Faustino anatembenukira kumene kunali a Moisés. "Ndiye inunso mukudziwa? Akudziwa ndi angati?"

"Mudzi wonse, alamu," anayankha a Moisés mawu atatsika. "Ndi ana omwe. Mwana akasiya chigubu panjira yanu amakwapulidwa."

Kalanga ine! Zaka khumi ndi ziwiri akudziguguda pachifuwa kumsewu kuja, akuuza anyamata kuti mwamuna weniweni safuna ndodo, anthu n'kumavomera kuti zoona a Faustino, zoona. Onsewo ankadziwa. Mudzi wonse unkawanyamula m'manja ngati dzira, iwo n'kumati akuyenda okha.

Dona Cátia anatulutsa pepala latsopano n'kunena kuti abwerezanso mafunso aja, ndipo ayankhe amene akudziwa. Ya kusamba ndi kuvala a Faustino anayankha okha, ndipo anali oona. Atafika pa funso la kulima, analoza kumene kunali Suzete.

"Funsani mwanayo," anatero.

Suzete anakana kuyankha. Bambo ake anachita kumulamula. "Amalima, dona," anatero mtsikanayo potsiriza. "Amalima kwambiri, kuposa amuna amaso. Kungoti mizere imakhota, ndiye ndimaiwongola madzulo. Ndipo popalira... nthawi zina amadula nyemba n'kusiya udzu. Ndimabzala zina."

"Chaka chatha nyemba zinachedwa kucha," anatero a Faustino pang'onopang'ono. "Unandiuza kuti ndi mbewu yoipa."

"Zinali zobzala kachitatu, Ababa."

Apo ndiye misozi inatuluka. Maso akufa nawonso amalira, anthuni. Sankalirira nyemba ayi. Ankalirira kamwana ka zaka khumi ndi chimodzi kamene kankadzuka nkhuku zisanatsike, kutenga tsache patchire, anzake ali m'tulo, ndipo kakula choncho mpaka kufika pa msinkhu wokwatiwa, kakusesa njira ya munthu wodzitama. Anamvetsa tsopano chifukwa chimene Suzete ankati ndikusiyeni ndi ndani.

Dona anawagwira chala chachikulu, kuchiviika mu inki, n'kuchidinda papepala. A Faustino sanaukutumule mkono. Dona anati sangalonjeze kanthu chifukwa amasankha si iye yekha, koma alemba zimene waona ndi maso ake. Atadzuka kuti azipita, a Faustino anakhalabe pamphasa. Anamuperekeza ndi a Moisés.

Masiku otsatirawo pakhomo panali zii ngati pamaliro. A Faustino sanapite kumsewu. Koma pa tsiku lachisanu anamuitana Suzete n'kumuuza kuti awatengere panjirapo, awagwiritse chilichonse chimene amakonza. Anayenda awiriwo, iye akuika dzanja la bambo ake pa zitsa za nthambi zodulidwa, pa dothi lofewa la m'maenje, pa muzu umene ankaukwirira mvula iliyonse. Iwo ankangofunsa: ichi chimatuluka mwezi wanji, uwu umakula msanga bwanji, madzi amadzera mbali iti. Njira imene ankati amaidziwa ngati chikhatho chawo, anali asanaidziwe n'komwe.

Januwale ali pafupi kutha, a Moisés anabwera akuthamanga, akufuula asanafike pabwalo. Dzina latuluka! Ndipo galimoto ya malipiro ibwera Lachitatu pa posito, pamaofesi a boma a m'deralo.

Tsiku la malipirolo anthu anadzaza pabwalo la posito kuyambira m'mawa: nkhalamba zonyamulidwa panjinga, amayi obereka ana olumala, a Vicente ndi ndodo zawo. Dzina litaitanidwa, a Faustino anapita kutebulo dzanja lili paphewa la Suzete, anthu onse akuona. Panali kamakina koikapo chala. Anafunsa kuti kamadziwa bwanji kuti chala ichi n'cha Faustino osati cha Moisés, ndipo munthu akapsa chala ndalama yake imapita kuti, mpaka a pamzere anayamba kudandaula kuti dzuwa likuwatha. Anawapatsa kakhadi ndi timapepala ta metikali tatsopano. Anatinunkhiza, kutisisita, n'kutilowetsa m'thumba la mkati. Sinali ndalama yoti munthu n'kulemera nayo. Inali ya ganyu wopalira, mchere, sopo, ndi kangachepe ka a Páscoa.

Pobwerera anayenda mpaka kufika pa kamtsinje. Pamenepo Suzete anaima.

"Ababa, ndalamayi ilipira wopalira ndi wophika. Nanga njira? Tsopano mwadziwa mmene zilili. Ndipite bwanji?"

"Unanena kuti dzina likatuluka upita. Latuluka."

"Ndinanena poganiza kuti silituluka."

"Ndinadziwa," anatero a Faustino, ngakhale anali atangodziwa pomwepo.

"Ndiye ndiwapemphe a Páscoa azisesa, kapena amalume..."

"Ayi! Asasese munthu. Wosesa wandikwana." Anapuma mozama. "Tamvera, mwana wanga. Ndikuopa, sindikubisira. Ndikuopa kwambiri. Ndidzagwa, anthu adzandiona. Koma chimene chikundiopsa koposa n'chakuti ndidzafe nditadya moyo wako wonse ngati chiswe, iwe n'kutsala ndi tsache m'manja. Amayi ako anakulumbiritsa, ine ndikukumasula. Pita."

Suzete analira ngati mwana, atatsamira pachifuwa chawo pakati pa njira. Loweruka anakwera shapa ndi sutikesi yake. Anawasiyira kafoni kake kakale, atawaphunzitsa batani loyankhira, lija lokhala ndi kachiphuphu.

Masiku atatu oyamba njira inali bwinobwino, ndipo a Faustino anayamba kuganiza kuti mwina nkhani ija anthu anaikokomeza. Tsiku lachinayi kunacha kutawomba chimphepo ndi mvula. Ananyamula khasu monga mwa masiku onse, n'kulowa njira ya kumunda. Sanafike n'komwe pa mango wa a Reinaldo. China chake chinawamenya pa msongolo, khasu n'kuuluka, iwo n'kugwa chafufumimba m'matope, khuu!

Anakhala tsonga, akupuma movutikira. Mwendo unkawawa koopsa, ndipo atagwirapo anamva magazi ofunda. Anapapasa chimene chawagwetsacho. Inali nthambi yonyowa, yonenepa kuposa ntchafu yawo, yopingasa njira yonse. Anayesa kuikoka, sinasunthe. Ankadabwa kuti kamtsikana kaja kankachotsa bwanji zinthu zolemera chonchi, pamene foni inalira m'thumba.

Anapukuta dzanja pa malaya n'kufufuza batani la kachiphuphu.

"Ababa, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti kwanuko kwagwa chimvula. Muli kuti?"

Bodza linali kale pa lilime, lokonzeka, losavuta. Koma mabodza okomerana mtima anali atakwana pakhomo pawo.

"Ndili panjira ya kumunda. Ndagwa."

"Mayo! Mwavulala? Ababa, ndikubwera. Ndikwera shapa ya masana ano."

"Ukabwera udzapeza chitseko chotseka, ndipo sindidzakutsegulira. Ukundimva? Ndagwa lero, mawa ndidzagwanso, mpaka njirayi ndiidziwe. Si ntchito yako." Mawu awo ankanjenjemera, koma sanawatsitse. "Chikulira kumbuyo kwakocho n'chiyani?"

Suzete anafwenthera. "Ndi belu. Tikulowa m'kalasi."

"Ndiye ukuchedweranji? Lowa."

Anadikira osadula foni. Anamva mwana wawo akupuma, akulira chamumtima. Kenaka anamva mapazi ake akuyamba kuyenda pa simenti, pang'onopang'ono, n'kusakanikirana ndi mapazi a anzake ambiri, mpaka foni inaduka.

A Faustino anaibweza m'thumba. Anang'amba kansalu m'munsi mwa malaya n'kumanga pabalapo. Kenaka anagwada m'matopemo, kupapasa mpaka atapeza mbali yopyapyala ya nthambi ija, n'kuyamba kuikoka pang'onopang'ono kuti ichoke panjira.